Charles Blackley: dokotala amene adaulutsa makaiti pofufuza chomuyetsemulitsa

Mwina pakhomo panu pali mwana amene chaka chilichonse, udzu ukangochita maluwa, amayamba kuyetsemula mosalekeza. Maso amafiira ndi kuyabwa, mphuno imachucha mamina a madzimadzi, koma thupi silitentha. Ngati zili choncho, vuto limene lidasautsa Charles Harrison Blackley mukulidziwa kale. Bamboyu adali dokotala mumzinda wa Manchester ku England, ndipo adamwalira m'chaka cha 1900. Ndiye adaonetsa poyera kuti chimfine chobwera ndi nyengo chotere chimayamba chifukwa cha mungu, ufa wosalala uja umene maluwa a udzu, mitengo ndi mbewu amatulutsa. Masiku ano matendawa timawaika m'gulu la ziwengo, kutanthauza kuti thupi likudana ndi chinthu chimene anthu ena sichiwavuta.

Moyo wake uli ndi phunziro kwa inu makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo, chifukwa mafunso amene adalimbana nawo ndi omwe mumakumana nawo kumudzi. Chayambitsa vutoli n'chiyani? Mwa njira zonse zimene anthu amauzana, ndi ziti zothandizadi?

Adayamba udokotala atakula kale

Blackley adabadwa pa 5 Epulo 1820 m'tauni ya Bolton, kumpoto kwa England. Bambo ake adamwalira iye ali mwana, ndipo adakulira ku Manchester, mzinda umene panthawiyo udadzaza ndi mafakitale a nsalu za thonje. Ntchito yake yoyamba idali yosindikiza mabuku ndi kuzokota zilembo ndi zithunzi pa zitsulo zosindikizira. Ntchito imeneyi imafuna diso lakuthwa, dzanja losanjenjemera ndi kuleza mtima, ndipo zitatu zonsezi zidadzamuthandiza patsogolo.

Sukulu ya udokotala adailowa ali ndi zaka za m'ma 30, msinkhu umene ambiri amati nthawi yophunzira idapita. Adamaliza mu 1858, n'kuyamba kuona odwala m'dera la Hulme. Adakhala zaka zambiri ku Old Trafford, dera lomwe okonda mpira mumalidziwa, ngakhale bwalo lotchukalo lidatsegulidwa mu 1910, iye atamwalira kale.

Pali chinthu china chofunika kuchidziwa za iye. Blackley ankatsatira njira yochiritsira yotchedwa homeopathy, imene adayambitsa Samuel Hahnemann wa ku Germany. Otsatira njirayi amasungunula mankhwala m'madzi mobwerezabwereza mpaka pafupifupi kutheratu, ndipo kafukufuku wa masiku ano sadapeze umboni woti mankhwala otero amachiritsa. Komabe anthu a njirayi adali ndi chizolowezi choyesa zinthu pa matupi awo n'kulemba zonse zimene akumva. Blackley adatenga chizolowezicho n'kuchiphatikiza ndi kuyeza komanso kuwerenga. Zimene akumbukiridwa nazo lero zidachokera pamenepo.

Matenda opanda mwini

Iye mwini ankadwala chimfine cha nyengochi chaka ndi chaka. Angerezi adali atachipatsa kale dzina lakuti hay fever, chifukwa chinkabwera nthawi yomweta udzu wodyetsa ziweto, m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Woyamba kuchifotokoza bwino kwa madokotala anzake adali John Bostock wa ku London, amene mu 1819 adalongosola za kudwala kwake komwe. Pofika 1828 Bostock adali atasonkhanitsa nkhani za odwala ena 28, ndipo iye ankati chimayamba ndi kutentha kwa dzuwa.

Madokotala ena ankaloza kuwala, ena fumbi, ena fungo la udzu womweta, ena mpweya wotchedwa ozone. Katswiri wina wotchuka wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, ankaganiza kuti ndi tizilombo tam'mphuno, ndipo ankatsuka mphuno ndi kwinini. Alipo amene adatchulapo mungu, monga John Elliotson, koma palibe adapereka umboni. Aliyense ankayankhula zimene akuganiza, odwala n'kumangoyetsemulabe.

Mu 1859 ana a Blackley adathyola udzu wamaluwa n'kuuika m'chipinda ngati chokongoletsera. Iye ataugwedeza, kafumbi kadabuka, ndipo posakhalitsa adayamba kuyetsemula kwambiri. Nyengo imene ankadwala chaka chilichonse idali isadakwane. Apa m'pamene adayamba kukayikira mungu, ndipo adatha zaka zoposa khumi akufufuza ngati kukayikako kudali koona.

Thupi lake ndilo lidali poyesera

Adayamba ndi kuyesa zimene anzake ankanena, chimodzichimodzi. Adanunkhiza mankhwala opereka fungo la udzu womweta, adapuma mpweya wa ozone, adayerekeza masiku otentha ndi masiku amene ankadwala. Palibe chimene chidamubweretsera matenda ake enieni. Fumbi lidamuzunguza mutu pang'ono. Tsiku lina ngolo idadutsa n'kubutsa fumbi la mumsewu, iye n'kudwala. Koma atatapa fumbilo n'kuliona pa makina okuza tinthu ting'onoting'ono, adapezamo mungu wa udzu.

Kenako adatembenukira ku mungu weniweniwo. Adasonkhanitsa mungu wa zomera zamitundu yoposa 30 n'kumauika m'mphuno, m'maso, palilime ndi pamilomo pake. Nthawi zina ankaupuma kuti ufike m'chifuwa. Mungu wa udzu unkamubweretsera kuyetsemula, misozi, kutsekeka kwa mphuno ndi kubanika, ngakhale m'miyezi imene kunja kudalibe duwa lililonse. Adayesanso kupuma fumbi la chuku, ndipo lidamusasa mawu ndi kumudwalitsa chifuwa.

Mu 1865 adachita chinthu chimene madokotala a ziwengo amachitabe mpaka lero, ngakhale mosamala kuposa iye. Adakanda khungu la pamkono wake, n'kuikapo kansalu konyowa kokhala ndi mungu wa udzu, n'kumangapo. Mkono winawo adaukanda chimodzimodzi n'kumangapo kansalu konyowa, koma kopanda mungu. Mkono wa mungu udayabwa n'kutupa, pomwe winawo sudatupe.

Taonani nzeru ya mkono wachiwiriwo. Akadakanda mkono umodzi wokha, munthu akadatha kunena kuti kutupako kwadza chifukwa cha kukandako kapena kansaluko. Poyerekeza mikono iwiri yosiyana pa chinthu chimodzi chokha, adatseka pakamwa pa wotsutsa aliyense. Ili ndi funso loyenera kufunsa wina akakuuzani kuti mankhwala akutiakuti adachiritsa mwana wake: kodi akadapanda kumwa, sakadachira? Chimfine cha mungu chimatha chokha nyengo ya maluwa ikadutsa. Choncho chilichonse chimene munthu wamwa kumapeto kwa nyengoyo chimaoneka ngati ndicho chamuchiritsa.

Musayese njira ya Blackley pa mwana wanu kapena pa inu nokha. Kukanda khungu n'kuikapo chinthu chimene thupi limadana nacho kungathe kuyambitsa kubanika koopsa. Kuyeza kotere kumachitikira kuchipatala, kumene kuli mankhwala othandizira zinthu zikavuta.

Timagalasi tomata ndi makaiti

Funso lina lidatsala. Kodi mumpweya mumakhaladi mungu wokwanira kudwalitsa munthu amene sadakhudze udzu? Kuti ayankhe, mu 1866 Blackley adapaka timagalasi mankhwala omata okhala ndi glycerine, n'kumatisiya panja kwa tsiku lathunthu. Tsiku lililonse ankawerenga timbewu ta mungu tomwe tamatirira, n'kulembanso mmene thupi lake lidalili tsikulo.

Ziwerengero ziwirizo zidayendera limodzi. Mungu udayamba kuoneka kumapeto kwa Meyi, udafika pachimake kumapeto kwa Juni, kenako n'kumachepa, ndipo kudwala kwake kudatsata njira yomweyo. Mungu wambiri udali wa udzu. Adaonanso kuti mvula ikagwa, mungu umachepa mumpweya, ndipo iye ankapezako bwino.

Koma n'chifukwa chiyani anthu okhala pakati pa mzinda, kutali ndi madambo, ankadwalanso? Apa m'pamene adatenga makaiti, ngati omwe ana amaulutsa, n'kumangirirako timagalasi take tija. Ena adawaulutsa mamita mazana angapo m'mwamba. Adapanganso kachipangizo koyendera wotchi kotsegula galasilo likafika m'mwamba, kuti mungu wa pansi usasokoneze chiwerengero. Zotsatira zake zidamudabwitsa, chifukwa m'mwambamo mudali mungu wochuluka kangapo kuposa pafupi ndi nthaka. Izi zidasonyeza kuti mphepo imanyamula mungu n'kukautaya kutali ndi kumene udachokera.

Zonsezi adazilemba m'buku limene lidatuluka mu 1873, lotchedwa Experimental Researches on the Causes and Nature of Catarrhus Aestivus. Charles Darwin, katswiri wa zamoyo uja, adaliwerenga n'kumulembera kalata yosonyeza chidwi. Madokotala ena adachedwa kuvomereza. Ankati umboni wambiri wachokera pa thupi la munthu mmodzi, ndipo nthawi imeneyo maganizo a ambiri adali pa tizilombo toyambitsa matenda. Mu 1874 Blackley adalandira digiri ya udokotala ku Brussels, ndipo mu 1880 adatulutsanso bukulo ataonjezera za chithandizo ndi kapewedwe.

Adaonanso chinthu chimene sadathe kuchimasulira bwino: alimi, amene amakhala pakati pa udzu tsiku lonse, sankadwala kawirikawiri ngati anthu a m'tauni. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa ku Ulaya wapezanso kuti ana okulira pa mafamu a ziweto sadwala ziwengo kwambiri poyerekeza ndi anzawo. Izi sizikutanthauza kuti mwana wa kumudzi sangadwale. Ziwengo ndi mphumu zimapezeka kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo nthawi zambiri zimayenda m'magazi a banja.

Chimene adapeza pa nkhani ya chithandizo

Blackley adayesa mankhwala ambiri a m'nthawi yake, ndipo adanena mosabisa kuti ambiri sankathandiza kwenikweni. Chimene adaona kuti chikugwira ntchito ndi kuchepetsa mungu wofika m'mphuno ndi m'maso. Ankalangiza odwala kukhala m'nyumba masiku a mungu wambiri, kupita kunyanja nyengoyo ngati angathe, ndiponso adapanga tosefera mpweya toika pamphuno.

Sadadziwe chimene chimachitika m'kati mwa thupi. Mawu akuti allergy adawayambitsa Clemens von Pirquet wa ku Vienna mu 1906, Blackley atamwalira. Mu 1911 Leonard Noon ndi John Freeman a ku London adayamba kubaya odwala mungu wochepa kwambiri, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kuti thupi lizolowere. Mankhwala oletsa histamine adayamba kupezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndipo asilikali a m'magazi otchedwa IgE, amene ali pakati pa nkhani yonseyi, adadziwika cha mu 1966 ndi 1967.

Lero tikudziwa kuti chitetezo cha thupi la munthu wa ziwengo chimalakwitsa. Chimaona mungu ngati mdani, n'kutulutsa histamine, amene amatupitsa m'kati mwa mphuno, kuyabwitsa maso ndi kuchuchitsa mamina. N'chifukwa chake matendawa sapatsirana, ndipo mankhwala opha mabakiteriya monga amoxicillin sawachiritsa.

Zimene mungachite pakhomo

Choyamba, chitani monga adachitira Blackley: lembani. Tengani kope n'kumalemba tsiku limene mwana wayamba kuyetsemula kapena kutuluka zidzolo, kumene adali, chimene adadya ndi mmene kunja kudalili. Pakatha miyezi ingapo mungaone kuti vuto limabwera udzu ukamachita maluwa kumapeto kwa dzinja, kapena chimanga chikamasula ngayaye, kapena mukamasesa, kapena akagonera bulangete limene lakhalitsa osachapidwa. Kwa ana ambiri mdani ali m'nyumba momwemo: tinthata tosaoneka ndi maso tokhala m'fumbi la zogonera, mphemvu, chuku cha m'makoma achinyezi, kapena ubweya wa mphaka. Kope limenelo lidzathandizanso dokotala.

Chachiwiri, chepetsani chimene chikumuvutacho. Mwana akabwera kosewera, asambe kumaso ndi m'manja, ndipo asinthe zovala ngati adali muudzu. Chapani zofunda pafupipafupi n'kuziyanika padzuwa, koma ngati vuto lake ndi mungu, zikutumuleni bwino musadazilowetse m'nyumba. Wazani madzi pansi musadasese, ndipo mwanayo akhale panja mukamasesa. Mutalikitseni ku utsi wa nkhuni, wa fodya, wa zinyalala ndi wa mankhwala ofukiza udzudzu, pakuti utsi umakulitsa kuyabwa ndi kubanika.

Chachitatu, tsukani mphuno ndi madzi a mchere. Mwa njira zosafuna mankhwala a kusitolo, iyi ndi imene kafukufuku waonetsa kuti imachepetsako zizindikiro. Wiritsani theka la lita la madzi, muwasiye azizire mpaka afunde, n'kusungunulamo supuni yaing'ono imodzi ya mchere yosasefukira. Mwana wamkulu kapena munthu wamkulu asambe m'manja, athire madziwo pachikhatho, awakokere m'mphuno imodzi n'kuwasiya atuluke, kenako inayo. Madzi akhale owiritsa nthawi zonse, ndipo konzani atsopano tsiku lililonse. Kwa khanda, funsani kaye azaumoyo.

Maso akamayabwa, ikani pazikope kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ozizira aukhondo, ndipo muletseni mwana kutikita. Musadonthezere m'maso madzi a masamba, mandimu, mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena china chilichonse chotere, pakuti zimenezi zachititsapo anthu khungu. Musagulenso mankhwala odonthezera m'maso popanda kulemberedwa, chifukwa ena mwa iwo amaononga maso akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali. Mwana amene maso ake amayabwa chaka chonse, mpaka koyera kwa diso kusanduka kodera, akaonedwe ndi a zamaso.

Nanga uchi? Ambiri amakhulupirira kuti kudya uchi kumazoloweretsa thupi mungu. Umboni wotsimikiza zimenezi ndi wofooka, ndipo mungu umene njuchi zimatola nthawi zambiri si wa udzu wouluka ndi mphepo umene umadwalitsa anthu. Uchi umafewetsa pakhosi ndi kuchepetsako kutsokomola, koma musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi, chifukwa ungamudwalitse matenda oopsa olefula thupi. Kufukiza nthunzi ya madzi otentha, kaya muli masamba a bulugamu kaya ayi, sikuchotsa ziwengo. Ana ambiri apsa ndi madzi otero, ndipo fungo lamphamvu limatha kubanikitsa wa mphumu. Kumbukiraninso kuti mankhwala azitsamba ndi zomera, ndipo Blackley adaonetsa kuti chomera chimatha kukhala chiyambi cha vutolo.

Njira za pakhomozi zikalephera, kuchipatala kuli thandizo. Mapiritsi monga Piriton ndi cetirizine amaletsa mphamvu ya histamine. Piriton amagonetsa, choncho woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto asamale, ndipo mwana wamng'ono apatsidwe pokhapokha azaumoyo atanena mlingo wake.

Pamene simuyenera kudikira

Ngakhale dzina lachingerezi lija limatchula kutentha thupi, chimfine cha ziwengo sichitenthetsa thupi. Mwana akatentha thupi, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka ngati munthu akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, chikayezedwe TB.

Thamangirani kuchipatala ngati mwana akupuma movutikira, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu, nthiti zikulowa m'kati popuma, kapena akulephera kuyankhula kapena kuyamwa chifukwa cha befu. Chitaninso chimodzimodzi ngati milomo, lilime kapena nkhope yatupa mwadzidzidzi, kapena munthu wafooka n'kuchita chizungulire, atangodya chakudya china monga mtedza, mazira kapena nsomba, atamwa mankhwala, kapena atalumidwa ndi njuchi. Ziwengo zotere zimatha kupha m'mphindi zochepa. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline, ndipo palibe tsamba, uchi kapena madzi a mchere amene angalowe m'malo mwake. Mwana wa mphumu amene adapatsidwa mankhwala opopera m'kamwa aziwagwiritsa ntchito monga adauzidwira. Mankhwalawa sachititsa chibaba, ndipo kumumana n'kuika moyo wake pachiswe.

Blackley adapuma pa ntchito mu 1894 n'kusamukira ku Southport, tauni ya m'mbali mwa nyanja, kumene adamwalira pa 4 Sepitembala 1900 ali ndi zaka 80. Mankhwala ochiritsiratu matenda ake sadawapeze. Adasiya njira ziwiri zimene zikugwirabe ntchito: kuyeza ziwengo pakhungu, ndi kuwerenga mungu wa mumpweya, kumene m'maiko ena amakulengeza pamodzi ndi zanyengo kuti odwala akonzekere. Inu mulibe makina okuza tinthu, koma kope ndi cholembera muli nazo. Mwana akadzayambanso kuyetsemula chaka chino, lembani tsikulo.